Mphuno ya Malizani

Malizani anabadwa m'dzinja, nyengo imene tiyi amaphuka usana ndi usiku ndipo akapitawo safuna kumva za matenda a munthu. Mayi ake, Ester, ndi mlongo wanga. Nthawi imeneyo ankathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa. Atangotuluka m'chikuta anabwerera kumunda, dengu kumsana.

Kuno kwathu mwana akabadwa, amayi pomusambitsa amanyowetsa kansalu m'madzi ofunda n'kumamuwumba mutu ndi kumukoka mphuno pang'onopang'ono, ati kuti ikule yosongoka. Mwambowu ulibe ntchito. Fupa silimvera kansalu. Ndinaphunzitsa sayansi ku pulayimale mpaka kupuma, ndipo zimenezi ndinazinena mpaka mawu kusasa, koma amayi a kuno amangoti "eya aphunzitsi" n'kukatereka madzi. Ester yekha sanapeze mpata wochita mwambowo. Ankanyamuka mbandakucha, n'kubwera zala zitatupa. Mwana ankasambitsidwa mothamanga, n'kugonekedwa. Nkhaniyo inathera pomwepo, kapena ine ndinkayesa choncho.

Mphuno ya Malizani inali mphuno ya kwathu. Ndi yomweyi ndili nayo ine, ndi yomwenso anali nayo mayi athu amene anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mtsikana: yotakata pang'ono m'munsi, yosatalika. Palibe wa m'banja mwathu amene anakanidwapo ukwati chifukwa cha iyo.

Zinayamba pa ukwati wina ku Khonjeni, Malizani ali ku sekondale. Msuweni wake wa kuchimuna, Philip, amene mpaka lero sindimupatsa moni, anamuloza pagulu.

"Iwe Malizani, mphuno imeneyo anakuponda ndi thirakitala ya pa esiteti?"

Anthu anaseka. Asuweni amanyozana, ndi chibale chawo, palibe angawaletse. Koma mayi wina amene ankagawa thobwa anawonjezera zake.

"Nanga si a Ester anaiwala kuiwumba? Ankathamangira sikelo ya tiyi."

Anaseka kachiwiri. Ester nayenso anaseka, atatseka pakamwa ndi chitenje. Malizani anaseka nawo. Tsiku lomwelo madzulo ndinamuona akudya dzanja lamanzere litaphimba nkhope, ndipo ndinayesa kuti dzino likumuwawa.

Dzanja limenelo silinatsikenso. Anatola chidutswa cha galasi la galimoto n'kumayenda nacho m'thumba. Polankhula ndi munthu ankatembenukira pambali. Kutchalitchi anasiya kwaya chifukwa oyimba amaima moyang'anana ndi anthu. Pojambulitsa ankasowa. Ester anapeza chopanira zovala pansi pa pilo, ndipo anazindikira chifukwa chimene mwana wake ankadzukira ndi timabala m'mbali mwa mphuno. M'kalasi ankakhala kumbuyo kwenikweni, kenako anasiya kupitako. Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti mwana wa mlongo wa mphunzitsi sasiya sukulu chifukwa cha nthabwala za pa thobwa. Anandimvetsera mwaulemu, dzanja lili pomwepo.

Ntchito anaipeza ku fakitale, yosesa. Amene sanalowemo m'fakitale ya tiyi ndiwafotokozere. Masamba akabwera kuchokera kumunda amawayanika kuti afote, kenako makina amawagaya mpaka kuoneka ngati chigwada chosinja. Akatero amawayala pa malamba oyenda pang'onopang'ono, malo amene antchito amati pa fementi. Pamenepo amasanduka ofiirira, fungo n'kumasintha. Pali kanthawi kochepa pamene tiyi amakhala wafikapo. Mukamulowetsa m'makina owumitsira kanthawiko kasanakwane, amatuluka wowawa ngati udzu. Mukachedwa, amatuluka wosukuluka. Wotchi ilipo pakhoma, koma tiyi satsata wotchi: kukatentha amafulumira, kukazizira amazengereza. Choncho pamafunika munthu woti atape ndi dzanja, anunkhize, anene kuti tsopano.

Kapitawo wa pa fementi anali a Winston, bambo wachikulire wosakonda kuyamika munthu. Tsiku lina Malizani akusesa anaima n'kunena, osayang'ana aliyense, kuti tiyi wa pa lamba wa kukhoma wapitirira. A Winston anatapa, ananunkhiza, anamuyang'ana mnyamatayo. Mawa lake anamulanda tsache n'kumuika kuti azinunkhiza tiyi.

Ntchito imeneyo inabwera ndi nyumba ya ku komboni, ya zipinda ziwiri, yamalata, ya magetsi. Ester anasiya kuthyola tiyi wa esiteti n'kuyamba kusamala kamunda ka tiyi kamene mayi athu anatisiyira. Mphuno imene Malizani ankaibisa ndi imene inkamugoneka m'nyumba yamalata. Ndinamuuza zimenezi kangapo. Ankati, "Zoona atsibweni," n'kutulutsa kagalasi ndikangotembenuka.

Zaka za mliri wa kolona, pamene anthu ankalira maliro, Malizani anali pa mtendere. Aliyense anavala masiki. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku ukwati uja anayenda manja onse ali pansi. Anabwerera ku kwaya. Anayamba kupita ku mpira. Anakumana ndi Tamanda, mtsikana wa ku Khonjeni wogulitsa nthochi, n'kumufunsira nkhope itaphimbidwa. Tamanda anandiuza pambuyo pake kuti tsiku limene mwamuna wake anavula masiki pamaso pake, iye anayang'ana, anayang'ananso, osaona chimene ankayenera kuona.

"Ndinayesa mwina kuli chilonda mkati," anatero Tamanda. "Ndinamufunsa kuti chili pati? Anakwiya."

Mliri utatha anthu anataya mamasiki. Malizani sanataye yake. Anatsala yekha pa esiteti yonse, mpaka ana a ku komboni anayamba kumutcha a Kolona. Kuntchito akafuna kununkhiza ankatembenukira kukhoma, n'kutsitsa masiki, n'kuikwezanso msanga. M'mawa ankachedwa pa galasi. Tamanda ankamuitana phala litazizira. Masiku ena ankavala nsapato, n'kufika pakhomo, n'kubwerera kukayang'ananso.

Tinamva kuti ku chipatala china chachikulu ku Blantyre kwabwera madokotala osoka milomo yong'ambika ndi kukonza zipsera za moto. Malizani anapempha kuti ndimuperekeze. Ndinavomera, ndikuyembekeza kuti mawu amene anakana kumva kwa ine akawamva kwa munthu wa jasi loyera. Tinakhala pa benchi limodzi ndi ana opanda mlomo wam'mwamba ndi mayi wina amene nkhope yake inapsa ndi phala. Malizani sanawaone. Ankayang'ana pa zenera, pamene nkhope yake inkaonekera.

Dokotala anali mayi wodekha. Anamuvula masiki, anamuunika mkati, anamutembenuza uku ndi uku.

"Bambo, mphuno yanu ilibe vuto."

"Yang'anitsitsani adokotala. Mbali iyi yagwa."

"Ndayang'ana. Mumatha nthawi yaitali bwanji pa galasi?"

Ndinayankha ndine.

Dokotalayo anafotokoza bwino, mosathamanga. Anati alipo matenda amene amachititsa munthu kuona chilema pathupi pake pamene palibe, ndipo kuvutika kwake n'kwenikweni, si kunamizira. Anati matendawo ali m'kaonedwe, choncho mpeni suwafika. Ambiri amene amadulidwa amadzuka n'kuona chilema chomwecho kapena choposa. Anati chithandizo chilipo, cha uphungu ndi mankhwala, ndipo anatiuza khomo loti tikagogode. Pomaliza anafunsa ntchito imene amagwira. Atamva, anaika cholembera pansi.

"Ndiye musalole munthu aliyense akulowetseni mpeni m'menemo. Zikalakwika mukhoza kusiya kumva fungo, osabwereranso."

Khomo limene anatiuzalo linali la madokotala a maganizo. Malizani anawerenga chikwangwani n'kupitirira.

"Ndiye kuti ndine wamisala?"

Mu minibasi, titadutsa Bvumbwe, anatembenukira kwa ine.

"Mayi uja amangondinyengerera. Munaona mmene amandiyang'anira?"

"Ndinaona. Amakuyang'ana ngati munthu."

"Inu atsibweni simungamvetse."

"Ndilephera bwanji kumvetsa? Mphuno yake si yomweyi ndanyamula ineyi?"

Anaiyang'ana yanga nthawi yaitali, mofatsa, ngati akusankha mbuzi pamsika.

"Yanuyo ili bwinobwino," anatero.

Ester atamva za madokotala a maganizo anakana kutalitali. Kuno munthu akamva mawu amenewo amaganiza za anthu oyenda maliseche pamsika. Anati mwana wake ali ndi ntchito, ali ndi mkazi, si wopenga. Patapita milungu ingapo anabwera kwathu m'mawa n'kukhala pamkeka, miyendo atatambasula, monga amakhalira akabwera ndi nkhani yoti waimaliza kale mumtima.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhani ya munda."

Malizani anali atapeza pa foni munthu wina ku Limbe wodzitcha dokotala, amene ankaonetsa zithunzi za mphuno asanazikonze ndi atazikonza. Ankafuna ndalama zoposa zimene wantchito wa m'fakitale angasunge. Ester ankafuna kubwereketsa munda wa mayi athu kwa wamalonda wina wa ku Masambanjati kwa zaka zingapo. Mwini mbumba ndine, choncho anayenera kudzera kwa ine.

"Mwana uja ndinamulakwira ndine," anatero. "Anzanga ankawumba ana awo, ine ndili pa sikelo. Anthu onse a ku Khonjeni akudziwa."

"Chemwali, ine amayi anandiwumba mpaka ndinkalira. Taona chimene chinatuluka."

"Inu zonse mumaziwerenga m'buku."

"Dokotala wanena kuti akhoza kusiya kumva fungo. Fungo limenelo ndiye nyumba akugonayo. Ndipo ndamva kuti Tamanda ndi woyembekezera."

"Wa ku Limbe wati zimenezo sizichitika."

"Wa ku Limbe ndani? Unamuona? Anaphunzira kuti?"

"Inu simunamumvepo akulira m'bafa, achimwene. Ine ndinamumva. Chimene sindinachite ali khanda ndichite pano ndisanafe."

Ndinakana. Ndinanena momveka kuti munda wa mayi athu supita kulikonse. Ester anati, "Ndamva," n'kupinda mkeka. Sabata yotsatira ndinapeza anthu achilendo akuthyola tiyi m'mundamo. Anandilambalala, ine mwini mbumba, ngati chitsa cha panjira. Nkhani imeneyo sindinaiiwale ndipo sindikufuna kuiiwala.

Opaleshoni inachitikira m'chipinda cha pamwamba pa sitolo. Munthu uja anang'amba mkati n'kulowetsa kapulasitiki kokweza msana wa mphuno. Malizani anabwera pa kabaza nkhope ili m'mabandeji, maso atatupa. Ester anapha nkhuku. Amayi a ku komboni anabwera kudzazonda, ena kudzangoona.

Kutupa sikunaphwe. Kunayamba kutuluka mafinya, thupi linatentha. Foni ya munthu wa ku Limbe inasiya kupezeka, ndipo Tamanda atapitako anapeza chipindacho akusokeramo makatani. Tinamutengera Malizani ku chipatala chenicheni, kumene anachotsa kapulasitikiko n'kutsuka zimene zinawola. Anachira. Mphuno inabwerera pamene inali, kungowonjezera kachipsera m'munsi kooneka ukayandikira.

Tsiku lovula mabandeji omaliza ndinalipo. Anatulutsa kagalasi kake. Anayang'ana kutsogolo, kumanja, kumanzere. Ester anali atagwira m'mphepete mwa bedi.

"Yaipiratu," anatero Malizani. Sanakweze mawu. Anabweza galasi m'thumba n'kufunsa ngati masiki yake tinabwera nayo.

Zinazo anazizindikira ndi Tamanda. Anasiya nyemba pa mbaula n'kupita kukatunga madzi. Pobwera anamva kupserera ali kutali, anathamanga, n'kupeza mwamuna wake wakhala pafupi ndi mphikawo akupukuta nsapato.

"Bambo a m'nyumba, simukumva?"

"Chiyani?"

Tamanda anaphula mphika. Anatenga sopo, anamupatsa. Anatenga botolo la palafini, analitsegula, anamuyandikiza. Malizani anakoka mpweya kawiri. Kenako anapitiriza kupukuta nsapato.

"Zibwerera," anatero. "Usauze munthu."

"Auzeni a Winston. Mwina akupatsani nthawi."

"Ndati usauze munthu."

Anabwerera kuntchito. Ankachita zonse monga kale: kutapa, kutembenukira kukhoma, kutsitsa masiki, kukoka mpweya. Koma tsopano ankadalira mtundu wa masamba ndi wotchi ya pakhoma. Kwa kanthawi zinayenda, chifukwa nyengo inali yofanana tsiku ndi tsiku. Kenako kunagwa chiperoni. Nkhungu inaphimba minda, kamvula kosalekeza, kuzizira mpaka m'mafupa. M'fakitale munachita mdima woti masamba onse ankaoneka ofanana. Tiyi anazengereza monga amachitira kukazizira. Wotchi inakwana, Malizani ananunkhiza, n'kunena kuti tsopano. Tiyi wa shifiti yonse analowa m'makina ali wosafikapo.

Olawa tiyi atamulavula, manijala anaitana a Winston. Zimene zinatsatira anandiuza ndi a Winston eni ake, titakumana pa maliro. Anati sanafune kumufunsa pamaso pa anthu. Anapita kuseri kwa fakitale, ku ngalande kumene kumagwera zotsalira, anatapa masamba owola, onunkha moti ntchentche zinkawatsata. Anawasakaniza ndi abwino pang'ono kuti mtundu usaulule. Anamuitanira Malizani pakona.

"Mwana wanga, tandinunkhizira uyu. Mphuno yanga yakalamba."

Malizani anatembenukira kukhoma, anatsitsa masiki, anaika nkhope m'manja mwa a Winston. Anakoka mpweya nthawi yaitali.

"Wafikapo, akapitawo."

"Wafikapo?"

"Eya. Alowe."

A Winston anati anataya masambawo pansi n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Unali ndi mphuno imodzi pa esiteti yonse ino," anamuuza. "Unakaipereka kwa ndani?"

Malizani anakweza masiki.

Sanamuchotse ntchito. A Winston anamupepesera kwa manijala, ndipo anamuika pa geti. Nyumba ya zipinda ziwiri ndi ya munthu wa pa fementi, choncho inapita kwa amene analowa m'malo mwake. Malizani ndi Tamanda anasamukira ku mzere wa kumunsi, chipinda chimodzi, chopanda magetsi. Katundu wina anakamusungitsa kwa Ester. Sindinamve Malizani akudandaula za nyumbayo, kapena za ntchitoyo, kapena za munda. Chakudya amadya chilichonse chimene wapatsidwa. Amati zonse zimakoma mofanana. Ndinamukumbutsa za khomo lija la ku Blantyre. Anati aganizira.

Mukadutsa pa geti limenelo mumupeza, wamtali, wa jekete la buluu, wa masiki. Lole ikaima amapita mbali ya dalaivala kukafunsa kumene yachokera. Akamafunsa sayang'ana dalaivala. Amayang'ana galasi la pambali pa chitseko. Madalaivala anazolowera, ena amadikira amalize, ena amaliza hutala. Philip, msuweni uja, pano amayendetsa imodzi mwa malole amenewo. Ndinamva kuti amamupatsa moni bwinobwino ndipo za ukwati wa ku Khonjeni sakuzikumbuka n'komwe.

Tamanda anachira kutayamba kutentha. Mwana wamkazi. Mayi ake a Tamanda anamwalira kale, choncho wosambitsa khanda anali Ester. Ndinapita kukaona m'mawa wina, Malizani asananyamuke kupita ku geti. M'chipindamo munali mothina: bedi, mbaula pakhomo, amayi awiri oyandikana nawo atakhala pansi.

"A Kolona, tavulani chinsanzacho mwana akuoneni," anatero mmodzi. "Adzayesa bambo ake ndi dokotala."

"Mpatseni anyamule," anatero mnzake. "Bambo, tanunkhizani pamutupo. Fungo la khanda silikhalitsa."

Tamanda anayang'ana kukhoma. Malizani analandira mwanayo, anatsitsa masiki, anaika nkhope pa liwombo monga anauzidwira. Anakoka mpweya. Amayi aja anadikira kuti anene kanthu. Iye anamutalikitsa mwanayo pang'ono n'kuyamba kumuyang'ana: kutsogolo, kumanja, kumanzere.

Mphuno yake inali ya kwathu. Kanthu kakang'ono, kotakata m'munsi, kopanda vuto lililonse.

"Amayi," anatero Malizani, "uyu yekha musaiwale."

"Madzi ali pamoto kale," anayankha Ester.

Malizani anapereka mwana, anakweza masiki, anatenga jekete n'kutuluka. Ester anathira madzi m'beseni, anayesa ndi chigongono, anaviika kansalu n'kukafinya. Anamugoneka mwanayo pamiyendo pake. Mwana anayamba kulira.